Malonje a Che Usumani

"Chotsani dzanja pa sefuliya yangayo!"

"Sefuliya yake iti? Sefuliya imaphika ndiwo. Iyi chibwerere m'nyumba muno yaphika chiyani, kupatula mitu ya anthu?"

Bernadetta ankangofuna kuchapa kansalu kamene mwamuna wake, Ambrose, ankavundikira wayilesi. Koma Ambrose anadzambatuka pampando ngati waona mwana akusewera ndi moto pafupi ndi nkhokwe. Wayilesiyo inali yobulungira, ya chitsulo, ndipo anthu a kwa Nsamala anangoitcha sefuliya poti inkafanana nayo. Pansi pa tebulo panali batire lake, lolemera ngati mphero.

"Mayi a Ethel, simukudziwa chimene mukunyoza. Ndani wina ali nayo m'mudzi muno? Dzulo lomweli tamva za nkhondo ya ku Koreya. Tamva za Chitaganya, zoti azungu a ku Halale akufuna kumanga dziko lathu mtolo umodzi ndi maiko awo. Munthu wosamva zochitika amasiyana bwanji ndi mbuzi ya pachingwe?"

"Ku Koreyako muli ndi mbale wanu ndani?"

"Anthu onse ndi abale mwa Ambuye."

"Eya, aphunzitsi alankhula. Nanga amene anakuberekani, ali gone kwa Kawinga uko, ndi mbale wanu mwa ndani? Chifuwa chinawagwira mvula isanathe. Mwapitako liti?"

"Ndipita. Ingodutsa kaye nkhani ya Chitaganyayi."

"Nkhani imatha? Ikadutsa iyi kubwera ina. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

"Amayi mukuwadziwa inu kuposa ine? Aja ndi mwala. Chibatizidwire changa ndakhala ndikuwapempha kuti alandire madzi a ubatizo. Anandiyankha chiyani? Akuti, 'Munthu samwa madzi alibe ludzu. Tsiku limene ludzu lidzandigwire ndidzakuitana ndekha, ndipo udzabwere wekha, usadzanditumire munthu.' Ndiye andiitana?"

"Mukudikira kuitanidwa kwa mayi wanu ngati kubwalo la milandu?"

Ambrose anasuzumira dzuwa pakhomo, nanyamula tebulo ndi wayilesi yomwe kupita nazo pakhonde.

Ambrose anali mphunzitsi wa tchalitchi. Wansembe ankafika kumeneko mwa apo ndi apo, choncho mapemphero a Lamulungu, kuphunzitsa ofuna ubatizo, kuyendera odwala ndi kuimba belu, zonse zinali m'manja mwake. Belulo linali chidutswa cha njanji chopachika pamtengo wa mango. Kale likalira madzulo, amayi ankatula mitsuko, abambo nkuvula zipewa, aliyense nkupemphera pomwe waimapo. Tsopano likalira, ana ankathamanga akukuwa, "Sefuliya! Sefuliya yayamba!"

Pakhondepo panali lamulo limodzi: sefuliya ikamalankhula, munthu asatsokomole, poti batire silichedwa kutha. Mwana akalira, mayi wake ankathamanga naye kuseri kwa nkhokwe. Tambala akalira, ankamugenda.

Wayilesi yokha sinamukwanire Ambrose. Anayamba kuitanitsa manyuzipepala obwera pa sitima ku Balaka, nkumaimanso pamsewu kufunsa oyendetsa malole zimene amva ku Limbe. Zonsezi zinkasakanikirana m'mutu mwake ngati chimanga ndi mapira m'dengu limodzi. Tsiku lina analetsa anthu kugula shuga, ati muli mankhwala oletsa kubereka. Atamufunsa komwe wazimva, anakanda m'mutu, osakumbuka ngati inali wayilesi, nyuzipepala kapena woyendetsa lole woledzera. Moni anasiya kupereka. Akakumana ndi munthu panjira, mawu ake oyamba anali akuti, "Mwamva?" Sipanatenge nthawi, mudzi wonse unkamutcha a Mwamva.

Lamulungu lina anatsegula buku bwinobwino, nawerenga mizere ingapo, kenaka analitseka.

"Abale, mwamva zimene zikuchitika ku Kenya?"

Ulaliki unathera ku Kenya komweko. Pa mapemphero anapempherera Koreya, Kenya, Halale ndi anthu ena amene chigumula chinawakokolola kutsidya kwa nyanja. Anthu akutuluka, a Blasius, nkhalamba yosema mipini, anamuimitsa pakhomo.

"Aphunzitsi, mwayenda maiko ambiri lero. Miyendo siikupweteka?"

Anthu anaseka. A Blasius sanaseke.

"Ndimati mwina pobwerera mudutsira kwathu. Mkazi wanga Modester chigonere sanadzuke. Nyumba yathu mumaiona muli pakhonde panu."

"Kodi akudwala? Ine sindinamve."

"A Mwamva sanamve!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo, ndipo chiseko chinakula.

Atafika kunyumba, Bernadetta anamuikira madzi osamba m'manja. Ambrose ndiye anayamba.

"Nenanitu. Ndikuona kuti zakukwanani pakhosi."

"Ndinene chiyani? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndingofunsa chimodzi. Kolona m'nyumba muno tinamaliza liti?"

Ambrose anayang'ana madzi aja nthawi yaitali.

"Ndimayesa, mayi a Ethel. Ndikagwada, mawu onse aja amayamba kulira m'makutu. Ndikati ndiyambe pemphero, ndimapezeka ndili ku Halale. Mutu wadzaza."

"Mtsuko ukadzaza matope amaukhuthula."

"Ingodutsa nkhani ya Chitaganyayi."

"Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu," anatero Bernadetta, natenga mbale ija nkutuluka.

Tsiku limene zinachitika, Bernadetta anapita kukasambitsa a Modester ndi kuwasinjira chimanga, poti wina anayenera kutero. Kunali kutamveka kuti madzulo amenewo wayilesi inena zenizeni za Chitaganya, choncho anthu anabwera ngakhale ochokera midzi ina. Bwalo la Ambrose linadzaza mpaka kukhola la mbuzi.

Sefuliya itangoyamba kulankhula, panafika munthu pa njinga. Anali Che Usumani, Msilamu wogulitsa matemba, amene nyumba yawo inayandikana ndi ya amayi ake a Ambrose kwa Kawinga. Fumbi linali litawafika m'mawondo. Dengu la kumbuyo kwa njinga linali lopanda kanthu, koma palibe amene analiyang'ana.

"Odi! Odi kuno!"

"Shiii!" linayankha bwalo lonse.

Ambrose anatukula mutu, nawazindikira, nawakodola ndi dzanja.

"Che Usumani! Mwafika nthawi yabwino. Khalani apo mudzimvere nokha."

"Aphunzitsi, ndachokera kumudzi. Tikadapatukako pang'ono."

"Ikangotha iyi."

"Ndi mawu ochepa."

"Matemba sathawa, Che Usumani. Awa akulankhulawa sabwereza."

"Akulu, batire likutha!" anatero wina pagulupo. "Msika ndi mawa!"

Che Usumani anatsamiritsa njinga pamtengo nakhala pamuzu. Inu nonse mukudziwa mwambo wake. Mlendo sayamba yekha kumasula chimene wadzera. Amapatsidwa pokhala, madzi akumwa ndi moni, kenaka mwininyumba amafunsa malonje. Ndipo uthenga wa matenda a kholo suponyedwa pagulu ngati mwala, umanenedwa pambali. Che Usumani anakulira m'mwambo umenewo, ndiye anadikira. Pa Akhristu onse amene anadzaza bwalo lija, palibe anawapatsa ngakhale chikho cha madzi.

Patapita kanthawi, kumsewu kunamveka hutala. Inali lole ya Mmwenye wina wa ku Balaka, imene inkapita kwa Kawinga madzulo, kuwoloka Shire pa Liwonde ndi pantoni yomaliza. Che Usumani anaimirira msanga.

"Aphunzitsi, loleyo!"

"Ipite! Ikutisokoneza," anatero Ambrose, osatembenuka, napotokola kachitsulo kuti mawu akwere.

Lole inalizanso hutala, kenaka phokoso lake linazilala. Che Usumani anaima pomwepo, manja ali lende. Dzuwa litatsikanso, anapita kuseri kwa nyumba, nasamba ndi madzi a m'botolo lawo, nayala kansalu pansi nkuswali. Nthawi imeneyo ndiyo kale inali ya belu la pemphero, koma woimba belu khutu linali pa sefuliya.

Za Chitaganya zija wayilesi sinanene chachilendo. Inangobwereza za dzulo. Nkhani zitatha kunabwera nyimbo za gitala, nyimbo zitatha kunabwera moni wa anthu a kumigodi, ndipo palibe anadzuka.

Bernadetta anatulukira kuchokera kwa a Modester, msana ukuwawa ndi kusinja. Ataona njinga ndi mwini wake pamuzu paja, anaima. Analowa m'nyumba, natunga madzi, nabwera kudzagwada.

"Che Usumani, takuonani. Imwani kaye. Kodi mwafika kale?"

"Dzuwa lili apo," anatero akuloza kumwamba.

"Ndiye malonje?"

Che Usumani anamwa madzi onse, napukuta ndevu.

"Mayi, ndinu woyamba kundifunsa."

Ananena motsitsa mawu. Bernadetta sanakuwe. Anadzuka, nadutsa pakati pa anthu akuponda miyendo ya eni ake, nakwera pakhonde, nawerama pansi pa tebulo nkuzula waya wa batire. Gitala anaduka pakati.

"Aaa! Mayi awa apenga?"

"Mayi a Ethel!" anakalipa Ambrose. "Pamaso pa anthu?"

"Inde, pamaso pa anthu, poti pambali mwakana. Bambo a Ethel, amayi akuti ludzu lija lawagwira."

Anthu sanamvetse, koma Ambrose anamvetsa. Anayang'ana mkazi wake, nayang'ana Che Usumani, nayang'ana kumsewu kumene lole inazimiririka. Kenaka anatsika pakhonde.

"Che Usumani, bwanji simunanene?"

"Ndinati tipatuke. Munati matemba sathawa."

"Ali bwanji?"

"Ndawasiya akulankhula, koma mawu akuchokera patali. Alongo anu a Dorica anati muthamange. Ine zachikhristu sindizidziwa, aphunzitsi, koma mawu a wodwala ndi katundu. Ndinasiya malonda kuti ndiwatule. Tengani njingayi."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osatsanzika, aliyense maso ali pansi. A Blasius okha ndiwo analankhula, ndipo sanalankhule kwa Ambrose yekha.

"Tonse tinati shiii. Wina asadzanamizire mnzake."

Ambrose anapalasa njinga ngati wothawa moto, koma anafika pa Liwonde pantoni atamangirira kale. Anapempha eni mabwato, iwo anakana, ati mvuu zavuta ndipo mdima wagwa. Anagona pagombe. Kutacha anawoloka, napalasa osapuma. Akuyandikira mudzi wa kwawo, asanaone ngakhale denga, anamva kulira kwa amayi. Uthenga umenewo sunafune wayilesi.

Mlongo wake Dorica anamulandira pakhomo, maso atatupa.

"Mwabwera, achimwene."

"Liti?"

"Dzuwa litangotuluka."

"Ananena chiyani?"

"Lowani muone."

M'nyumbamo, kumutu kwa mphasa, kunali chikho chodzaza madzi, chovundikira ndi kambale.

"Anandituma ndekha kuchitsime dzulo," anatero Dorica. "Anati, 'Madzi akhale pafupi, mwana wanga asadzavutike akafika.' Anandiuza ndiwasambitse, ndiwaveke nsalu ija munawagulira pa ukwati wanu. Lole itaima kumsewu madzulo, anadzutsa mutu. Anati, 'Ndi ameneyo.' Ndinathamanga kukaona. Anatsika anthu ena."

Ambrose anagwira chitseko.

"Sakadawathira madziwo wina? Pangozi ya imfa aliyense angathe kubatiza. Ndinakuphunzitsani zimenezi."

"Ndinawapempha. Anakana. Anati, 'Ndinalonjeza mwini wake. Wandichonderera zaka zonsezi, ndimulande chimwemwe chake?' Ndiye usiku wonse funso linali limodzi. 'Kodi wamva?' Ndikawapatsa phala, 'Wamva?' Ndikawatembenuza, 'Dorica, wamva?'"

"Munawayankha chiyani?"

"Ndinati wamva. Ndikadati chiyani? Mbiri yanu inafika kuno kale, achimwene, yoti kulibe chimene chimachitika pansi pano inu osachimva."

Ambrose anagwada pafupi ndi chikho chija. Anatsegula pakamwa kuti apemphere, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri m'makutu mwake munali zii. Koma mawu sanatuluke.

Bernadetta ndi Che Usumani anafika madzulo pa lole yomweyo. Maliro anaikidwa mawa lake, mwa mwambo wa makolo, poti malemuwo dzina lawo silinalembedwe mu mpingo uliwonse. Ambrose, amene anatsogolera nyimbo pa maliro a anthu osawerengeka kwa Nsamala, anayenda kumbuyo kwa chithatha cha mayi wake ali duu, buku lili m'thumba.

Pobwera kumanda Bernadetta anamupeza atakhala kuseri kwa nyumba.

"Inu nomwe mumaphunzitsa kuti munthu akafa akulakalaka ubatizo, Mulungu amawerengera kulakalakako," anatero. "Ludzu lawo Mulungu analimva."

"Ndikudziwa. Mulungu anamva. Amene sanamve ndine."

Bernadetta sanamutsutse. Sanali munthu wopaka mafuta pa chilonda chofunika kutsuka.

Ambrose anadzuka, napita pomwe panakhala Che Usumani ndi amuna ena. Anakana mpando umene anamupatsa, nakhala pa dothi, navula chipewa.

"Che Usumani, munabwera kwathu, sindinakupatseni pokhala, sindinakupatseni madzi. Ndachedwa, koma ndikufunsa. Malonje?"

Amuna aja anayang'anana. Che Usumani anayankha.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga, aphunzitsi. Lole italira ndikadakuwa. Koma ife sitinaphunzire kukuwa za imfa ya kholo la munthu, ndipo sitinazolowere kulimbirana mawu ndi chitsulo. Poti mwafunsa, nditula monga anandisenzetsera. Anandigwira dzanja ili. Anati, 'Usumani, ukamuuze Ambrose kuti ludzu lija landigwira. Ukamuuze kuti asaope, sindidzamufunsa chifukwa chake sanabwere masiku onsewa. Ndamva kuti ali ndi mlendo m'nyumba mwake wolankhula za maiko onse. Amupemphe mlendoyo amubwereke kwa ine tsiku limodzi lokha.' Malonje ndi amenewo."

Ambrose anaombera m'manja mwaulemu monga amachitira wolandira uthenga. Kenaka anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa ake nkumagwedezeka. Palibe anamuuza kuti atonthole.

Atabwerera kwa Nsamala, wayilesi sanaiswe, ndipo ine sindikuuzani kuti muswe zanu. Chitsulo chilibe mlandu. Koma madzulo oyamba ataimba belu, ana anathamanga monga mwa masiku onse akukuwa, "Sefuliya!" Anapeza pakhonde palibe tebulo. Mphunzitsi anali ataima pansi pa mango, chipewa chili m'manja. Anawo anayang'anana, osadziwa choti achite, poti ang'onoang'ono anali ataiwala kuti belu lija linkatanthauza chiyani. Pamene paja mpamene manyazi anamugwira kachiwiri. Anayenera kuyambanso kuwaphunzitsa, mawu amodziamodzi. Atatha anapita kwa a Blasius, nagogoda, nakhala pansi pafupi ndi mphasa ya a Modester.

Chitaganya chija chinabwera ndithu, ndipo kumvetsera kwa Ambrose sikunachichedwetse ngakhale pang'ono.

Tsopano masefuliya achuluka. Ku Ulongwe aliko, ku Balaka ndiye osanena, ndipo ndikumva kuti kukubwera ena okuwa kuposa awa. Mverani, palibe akukuletsani. Koma munthu akati odi pakhomo panu, tsekani chinthucho. Mupatseni pokhala, mupatseni madzi, mufunseni malonje. Belu likalira, tsekaninso. Za ku Koreya adzabwereza mawa. Amene wakutumirani munthu pa njinga mwina mawa sadzakhalapo. Chonde, inu muchiteko bwino kuposa mmene linachitira bwalo lija.